Njira ya ku Kachisi: Mbiri ya Msinja ndi Phunziro la ku Zilumba Ziwiri za Ahindu

Munthu akaima pa Namitete kapena pa Mpingu tsiku lopanda nkhungu, nayang'ana cha kumwera, aona mzere wautali wa mapiri umene ulekanitsa dziko la Malawi ndi la Mozambique. Amenewo ndiwo mapiri a Dzalanyama. Ana ambiri a sukulu a m'maiko a Kalolo, M'bwatalika ndi Kabudula awadziwa mapiriwo monga kochokera makala ndi nkhuni zimene zimadutsa pa njinga mbandakucha kulinga ku mzinda wa Lilongwe. Koma makolo ao ankawayang'ana ndi maso ena, pakuti m'mapiri momwemo muli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati padatsikira anthu oyamba, ndipo cha m'tsinde mwake muli Msinja, mudzi wa Makewana, kumene mafumu a dziko lino ankatumiza amithenga kukapempha mvula.

Nkhani ino ilongosola mbiri ya kachisi ameneyu, kukula kwake ndi kugwa kwake. Ndipo kuti mbiriyo imveke bwino, imlinganiza ndi malo awiri opatulika a anthu a chipembedzo cha Chihindu, pa zilumba za Bali ndi Mauritius. Malo atatuwa atalikirana kwambiri, ndipo eni ake sadaphunzitsane kanthu. Koma onse ali pa madzi, pa dziwe kapena pa nyanja ya m'phiri, ndipo onse aonetsa chinthu chimodzi, chakuti kachisi amakhala ndi mphamvu pamene anthu akuyendabe kunka kwa iye, nabwerako ndi malamulo oti akawasunge kwao.

Kaphirintiwa

Akulu amati pachiyambi dziko lidali louma, lopanda chamoyo chilichonse. Tsiku lina kumwamba kudachita bii, mvula idagwa, ndipo Chauta adatsika pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse. Anthuwo adali ndi khasu, lichero ndi mtondo. Adatera pa thanthwe la Kaphirintiwa, limene nthawi imeneyo lidali lofewa ngati dothi lonyowa, kotero kuti mapazi ao ndi a nyama adadindika pomwepo, ndipo thanthwelo litauma zizindikirozo zidatsala. Chauta, anthu ndi nyama adakhala pamodzi mumtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri. Motowo udayatsa tchire. Nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu. Ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula kuti kuyambira pamenepo munthu azifa, ndipo akafa azipita kumwamba kukasonkhanitsa mitambo ya mvula yozimitsa moto umene adauyambitsa.

Mphunzitsi wofotokoza nthano imeneyi ayenera kuona kuti m'kati mwake muli chaka chonse cha mlimi wa kuno: chilimwe chouma, mvula yoyamba, khasu la kumunda, mtondo ndi lichero za pa masika, ndi lupsa la mwezi wa Okotobala limene utsi wake utsogolera mitambo. Amene adaisunga nthanoyi adali anthu odziwa kuti moyo wao udapachikika pa zinthu ziwiri, mvula ndi moto, ndi kuti zonse ziwiri zifunika kuzisamala ndi malamulo. Kachisi wa Chisumphi adamangidwa chifukwa cha ntchito imeneyi.

Makewana ndi mudzi wa Msinja

Pamene Aphiri adafika m'dziko muno ndi ufumu wa Kalonga, adapeza anthu a pfuko la Banda ali kale ndi akachisi ao a mvula, osungidwa ndi amai amene ankayesedwa akazi a Chisumphi, ndiye Mulungu wopatsa mvula. Kalonga adamanga likulu lake ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene Dr. Yusuf Juwayeyi adakumba pansi napeza minyanga, mkuwa, mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni wakuti ufumuwo udali pa malonda ndi maiko a kutsidya kwa nyanja ya mchere. Koma ngakhale Aphiri adali ndi ufumu ndi chuma, mvula idakhalabe m'manja mwa Abanda, ndipo mafuko awiriwa adagawana ntchito, lina kuweruza milandu ndi kutsogolera nkhondo, lina kusamala nthaka ndi kupempha mvula. Pambuyo pake Undi adapatukana ndi Kalonga nakamanga ku Maano, m'dziko limene lero lili m'chigawo cha Tete, ndipo kachisi wa ku Dzalanyama adakhala m'dziko la Undi, mbiri yake nimveka kutali.

Kachisi woyamba adali pa Kaphirintiwa pomwe, koma patapita nthawi adamsamutsira kunsi, pa Msinja. Mai wosunga kachisiyo adatchedwa Makewana, ndiko kuti make wa ana, pakuti anthu onse a m'dziko adali ana ake. Udindowu sudali wolowa monga alowera ufumu. Makewana akamwalira, anthu ankadikira kufikira mzimu utagwira mkazi wina nayamba kubwebweta, ndipo akulu a pa Msinja ankamuyesa ndi mafunso asadamlandire. Iye sadali kukwatiwa ndi munthu. Sadali kumeta tsitsi, pakuti kumeta kukadadula mvula. Ankabvala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo yolemedwa ndi madzi. Ndipo okamba mbiri amati ankagona pa minyanga ya njobvu. Pafupi ndi mudziwo pali dziwe lopatulika lotchedwa Malawi, m'mene iye ankalowa popempha mvula.

Makewana sadali yekha. Adali ndi anamwali omtumikira otchedwa Matsano, amene sadali kuloledwa kudziwa mwamuna pa nthawi ya utumiki wao. Padali Kamundi, wa pfuko la Mbewe, amene ankaimira Thunga, njoka yopatulika ya Chisumphi, pa miyambo yotsiriza chinamwali ndi yotsekula dziko kuti libale. Padalinso Tsang'oma, wosunga ndi woimba ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, imene amati idalandidwa kwa Akafula, anthu aafupi amene adali m'dziko muno Achewa asadafike. Maudindo amenewa adali olemera, pakuti mvula ikakana mlandu unkagwera osunga kachisi, ndipo mbiri imanena kuti Tsang'oma ndiye ankalipa ndi moyo wake.

Chofunika kuchikumbukira nchakuti Makewana adalibe gulu la nkhondo monga mafumu. Ulemu wake ndi chuma cha mudzi wake zinkabwera pa mitu ya alendo.

Ulendo wa amithenga

Mvula ikachedwa, Novembala atatha ndipo Disembala atalowa, mbeu zoyamba zikupserera m'minda, mudzi uliwonse unkayamba wathira nsembe pa kachisi wake wamng'ono, patsinde pa mtengo, kudandaulira mizimu ya makolo. Zikakanika pamenepo, nyakwawa zinkapita kwa mfumu ya dziko, ndipo mfumuyo inkasankha amithenga oti anyamule mphatso kunka ku kachisi wamkulu: nsalu yakuda, mbuzi kapena nkhuku yakuda, makasu, ufa ndi zina zotere. Amithengawo adayenera kukhala ozizira, ndiko kuti odzisunga osalowa m'nyumba ndi akazi ao, monga mwa malamulo a mdulo, ndipo otsala kumudzi adayeneranso kudzisunga kufikira nsembe itatha, pakuti munthu wotentha akayandikira nsembe ankaiononga. Chotero ulendowo udali wa mudzi wonse, ngakhale oyenda adali owerengeka.

Atafika pa Msinja sadali kungolunjika ku kachisi, iai. Ankafikira kwa akulu a pamudzi, nanena chimene adadzera, ndipo akuluwo ndiwo ankapita ndi mau ao kwa Makewana. Yankho la kachisi kawirikawiri linkatchula cholakwa chimene chidamanga mvula, ndipo amithenga ankabwerera ndi lamulo loti cholakwacho chikakonzedwe.

Maulendo amenewa adachita ntchito zitatu zimene mfumu iliyonse payokha sikadatha kuzichita. Yoyamba, adakomanitsa anthu a maiko osiyana, ngakhale a mafumu odana, pakuti chilala sichidziwa malire a ufumu. Yachiwiri, adasunga mwambo umodzi wa chinamwali, wa mdulo ndi wa nsembe pa dziko lalikulu lopanda kalata kapena buku. Yachitatu, adaika nthawi ya ntchito za m'tchire ndi za kumunda. Pa phiri la Bunda, pamene padali kachisi wina wa Chisumphi, kutentha phiri kudali mwambo wa chaka ndi chaka wochitika ndi chilolezo cha osunga kachisi, ndipo moto umenewo ndiwo unkatsekula nyengo ya uzimba. Mitengo ya pa kachisi, ya pa manda ndi ya pa dziwe lopatulika siinkadulidwa. Munthu amene adayenda masiku awiri kapena atatu kukapempha mvula sakadabwerera kwao nkukayamba kupeputsa malamulo otere.

Kuduka kwa njira

Nkhondo za m'zaka za m'ma 1800 ndizo zidayamba kudula njira ya ku Msinja. Cha m'ma 1870 Angoni a kwa Maseko, motsogozedwa ndi Chidyaonga, adakhazikika pa Domwe, ndipo Angoni a Mpezeni adakhazikika kumadzulo, m'dziko limene lero muli mzinda wa Chipata. Nthawi yomweyo ogula akapolo adali kuyendayenda ndi mfuti. Achewa a m'chigwa adamanga malinga, ena nathawira m'mapiri, ndipo kuyenda ulendo wa masiku atatu ndi mbuzi ndi nsalu kudasanduka kudzipereka m'manja mwa adani. Mudzi wa Msinja, umene udalibe asilikali, udathiridwa nkhondo ndi Angoni, anthu ake adabalalika, ndipo ng'oma ya Mbiriwiri idakasungidwa kwina, kutali ndi kachisi wake.

Mtendere udabwerera pamene Angerezi, amene adatenga dzikoli m'chaka cha 1891, adagonjetsa Gomani m'chaka cha 1896 ndi Mpezeni m'chaka cha 1898. Koma njira zatsopano zidaloza kwina. Boma lidamangidwa pa Lilongwe m'chaka cha 1904, ndipo milandu ndi msonkho zidayamba kupita kumeneko. Ansembe a Chikatolika adamanga pa Likuni m'chaka cha 1903 ndi pa Nambuma m'chaka cha 1928, ndipo amishoni a ku Nkhoma adamanga pa Malingunde, kufupi ndi Msinja, m'chaka cha 1907. Onsewa adadzetsa sukulu ndi mankhwala, naphunzitsanso Akhristu ao kusiya nsembe za makolo ndi kupempha mvula m'tchalitchi. Kuyambira 1920 A. F. Barron adayambitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi pa Mbabzi, ndipo fodyayo adafalikira m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, nadya nkhuni zambiri. Anyamata adayamba maulendo ena aatali, a ku Salisbury ndi ku Johannesburg. M'chaka cha 1922 boma lidalengeza kuti Dzalanyama ndi nkhalango yosungidwa ndi lamulo, ndipo kuyambira pamenepo wodula mtengo ankaopa mlonda wa boma koposa kuopa chilala.

Dzina la Makewana silidafe, ndipo malowo alipobe, akulu ake akuwasunga. Mbiri yake idalembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, m'buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, ndi W. H. J. Rangeley m'chaka cha 1952; ndiponso ndi Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden m'chaka cha 1979. Koma khamu la amithenga a mafumu silidabwererenso monga kale. Kuti munthu azindikire chimene chidatayika pamenepo, nkwabwino kuona malo ena kumene njira yotere siidaduke.

Bali: kachisi wolamula madzi

Chipembedzo cha Chihindu si chachilendo m'Malawi, pakuti ena mwa Amwenye amene adali ndi masitolo m'misika ya kumidzi, kufikira boma lidawasamutsira ku mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970, adali Ahindu, ndipo akachisi ao ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kwao kwa chipembedzochi ndi ku India, koma chidaoloka nyanja ya mchere nichifika pa zilumba zakutali. Chimodzi mwa izo ndi Bali, m'dziko la Indonesia, kum'mawa kwa chilumba cha Java. Kukula kwake chicheperako pang'ono boma la Lilongwe, koma chili ndi anthu oposa 4 miliyoni, ndipo ambiri a iwo ndi Ahindu.

Anthu a ku Bali amalima mpunga m'minda yamakwerero pa mapiri, nauthirira ndi madzi oyenda m'ngalande. Alimi omwa ngalande imodzi amapanga bungwe lotchedwa subak, ndipo bungwe lililonse lili ndi kachisi wake. Pamwamba pa akachisi a madziwa pali Pura Ulun Danu Batur, kachisi wa Dewi Danu, mulungu wamkazi wa nyanja ya Batur, imene ili m'chigwa cha phiri lophulika moto. Chaka ndi chaka mabungwe a alimi amatumiza nthumwi zao ndi nsembe ku kachisi ameneyu, ndipo nthumwizo zimabwerako ndi madzi opatulika okawaza m'minda. Pa misonkhano ya m'akachisi alimi amapangana tsiku lobzala ndi nthawi yogoneka minda. Minda yambiri yoyandikana ikagonekedwa pamodzi, tizilombo todya mpunga timasowa chakudya nitifa. Ndipo zigawo zikabzala mosinthana, madzi amakwanira a kumtunda ndi a kunsi omwe.

M'chaka cha 1926 phiri la Batur lidaphulika, ndipo chiphalaphala chake chidakwirira mudzi ndi kachisi. Anthu adasamukira pamwamba, m'mphepete mwa chigwacho, namanganso kachisi wao kumeneko, monga momwe Achewa adasamutsira wao kuchoka pa Kaphirintiwa kunka pa Msinja; ndipo nthumwi za alimi zidangosintha njira, osaleka ulendo. Chiyeso chachikulu chidadza m'zaka za m'ma 1970, pamene boma lidadzetsa mbeu zatsopano za mpunga wocha msanga, nililamula alimi kuti azibzala kawirikawiri, osadikira masiku a kachisi. Zotsatira zake zidali kuchuluka kwa tizilombo ndi matenda a mpunga, ndi kulimbirana madzi. Alimi adabwerera ku mapangano a m'akachisi, ndipo J. Stephen Lansing, amene adafufuza nkhaniyi nailemba m'chaka cha 1991, adaonetsa kuti mwambo umene akuluakulu a zaulimi adauyesa chipembedzo chabe ndiwo unkagawa madzi ndi kuletsa tizilombo. M'chaka cha 2012 bungwe la UNESCO lidalemba minda ndi akachisi amenewa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Mauritius: dziwe limene alendo adalipatula

Chilumba chachiwiri chili pafupi ndi Afirika, kum'mawa kwa Madagascar. Pa Mauritius padalibe anthu okhalapo chikhalire. Afalansa, amene adachilamula kuyambira 1715 kufikira 1810, adadzetsa akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku madooko a Mozambique kudzalima nzimbe, ndipo pakati pa akapolowo padali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Pamene Angerezi ankathetsa ukapolo pa chilumbacho, umene udatha m'chaka cha 1835, eni minda adafuna antchito ena, ndipo adawatenga ku India ndi pangano la zaka zowerengeka, monga momwe amuna a kuno adalembedwera ku Wenela. Oyamba adafika pa 2 Novembala 1834, ndipo pofika m'ma 1920 adali atafika pafupifupi theka la miliyoni. Lero Ahindu ali pafupifupi theka la anthu onse a m'dzikomo.

Kwa Mhindu palibe madzi opatulika koposa a mtsinje wa Ganges, ndipo antchito ambiri a m'minda ya nzimbe adalibe njira yobwererera kukasamba m'menemo. Koma m'mapiri a kumwera kwa chilumbacho muli dziwe lalikulu, m'kamwa mwa phiri lophulika limene lidazima kalekale, ndipo Afalansa adalitcha Grand Bassin. M'chaka cha 1897 wansembe wina wa kumpoto, dzina lake Jhummon Giri, adalota kuti madzi a dziwelo atumphuka kuchokera ku Ganges. Chaka chotsatira, 1898, kagulu ka anthu kadanyamuka pa kachisi wa ku Triolet, kadayenda pansi kudutsa m'nkhalango, nikakatunga madziwo kudzathira pa mwala wopatulika wa mulungu wao Shiva. Ulendowo udabwerezedwa chaka ndi chaka, oyenda nachulukirachulukira. M'chaka cha 1972 madzi otengedwa ku Ganges weniweni adathiridwa m'dziwemo, ndipo lidatchedwa Ganga Talao. M'chaka cha 2007 adaimikapo chifanizo cha Shiva chotalika mamita 33.

Pa chikondwerero cha Maha Shivaratri, m'mwezi wa Febuluwale kapena wa Malichi, anthu zikwi mazanamazana amanyamuka m'midzi yao atabvala zoyera, ena nayenda masiku angapo, atasenza timakachisi tansungwi tokongoletsedwa totchedwa kanwar. Asadanyamuke amasala nyama ndi zoledzeretsa, monga amithenga a ku Msinja ankadzisunga kuti akhale ozizira. Ndipo m'njira anthu amawapatsa madzi ndi chakudya. Dziwe limeneli lidalibe mbiri ya makolo ngati ya Kaphirintiwa. Amene adalipatula ndi ana a antchito osauka, ndipo chida chao chidali ulendo umene sadauleke kuyambira 1898.

Zimene mbiriyi iphunzitsa

Malo atatuwa akaikidwa pamodzi, phunziro lake lioneka poyera. Ku Bali moto wa phiri udaononga nyumba ya kachisi, koma alimi sadaleke kupitako, ndipo malamulo a madzi adakhalabe. Pa dziwe la ku Mauritius padalibe kachisi nkomwe, koma anthu adayamba kuyenda, ndipo malo opatulika adabadwa. Pa Msinja dziwe lilipo, thanthwe la Kaphirintiwa lilipo, koma njira idamera udzu, ndipo malamulo amene ankayenda m'njiramo adafooka.

Kufooka kumeneku kuli ndi mtengo wake. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imachokera ku Dzalanyama, ndipo madamu awiri a Kamuzu, a pa Malingunde, amene amamwetsa mzinda wa Lilongwe, amadzazidwa ndi madzi a m'nkhalango yomweyo. Kuotcha makala kudafika poipa kotero kuti m'chaka cha 2015 asilikali a boma adatumizidwa kukalondera mitengo. Zifukwa za kutha kwa nkhalango nzambiri, monga umphawi, kuchuluka kwa anthu ndi kusowa kwa moto wina wophikira m'tauni, ndipo nsembe sizingazithetse. Koma wophunzira mbiri ayenera kuona kuti phiri limene lero lisowa mfuti kuti lisungike, kale lidali ndi mau ena olisunga, omveka m'mudzi uliwonse umene udatumizapo mthenga. Makolo amene adalumikiza mvula, moto ndi mitengo m'nthano imodzi sadali anthu osadziwa.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi wa ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma adzapeza m'kalasi mwake ana a Chikatolika, a mpingo wa Nkhoma, a Chisilamu ndi a mabanja a gule wamkulu. Sayenera kuwatengera ku nsembe, kapena kunyoza nsembe pamaso pao. Ntchito yake ndi kuwadziwitsa dziko lao, ndipo kukaona malo opatulika kusiyana ndi kukapembedza. Alendo a mitundu yonse amafika pa akachisi a ku Bali, koma salowa asadamange nsalu ndi lamba m'chiuno. Pa Ganga Talao amabvula nsapato pakhomo pa kachisi. Sachita zimenezi chifukwa chakuti asanduka Ahindu, koma chifukwa ali kwa eni. Ulemu womwewo uyenera malo a makolo a kuno.

Chotero mphunzitsi wofuna kupita ndi ana ku malo otere ayambe wapempha kwa mfumu ya deralo, pakuti safunsa adadya phula. Apite ndi mkulu wodziwa malowo, ndipo mkuluyo ndiye atsogole ndi kulankhula. Ana auzidwe asadanyamuke kuti sadzathyola nthambi, sadzatola mwala, sadzasamba kapena kuponya kanthu m'dziwe, sadzalemba maina ao pa thanthwe, ndiponso sadzafika pamene aletsedwa. Ku dambwe ndi ku manda si kopita ndi sukulu. Zithunzi zijambulidwe pokhapokha eni atalola.

Koma ntchito yoposa zonse ingachitike osalipira galimoto. Mwana aliyense afunse agogo ake mafunso awa: kachisi wa mudzi uno adali pati, ndipo patsinde pa mtengo wanji? Mvula ikakana, nsembe inkatsogozedwa ndi banja liti? Amithenga a mfumu ankapita kuti, nadzera njira iti, nagona m'midzi iti? Ndi madziwe ati ndi misitu iti imene inkaopedwa, ndipo lero ili bwanji? Mayankho alembedwe m'Chichewa monga momwe akulu awanenera, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi chaka, ngakhale atasiyana ndi zolembedwa m'mabuku, pakuti kusiyanako nakonso ndi mbiri. Pambuyo pake ana ajambule mapu a dera lao, naikemo mitsinje, mapiri, misitu ndi njira zakalezo. Akulu amene adamva nkhani zimenezi kwa anthu oona ndi maso akutha chaka ndi chaka; ndipo sukulu imene idzasunga mapu otere m'kabati mwake idzakhala itasungira mudzi wake njira ya ku Msinja, kuti ana a m'tsogolo, poyang'ana Dzalanyama, adzadziwe chimene makolo ao ankapitira kumeneko.